Funsani Aphunzitsi: "Yes" wanga wandipalamulira mlandu

Aphunzitsi, ndine mnyamata wa zaka 24, ndimaperekera zakudya pa loji ina kuno ku Cape Maclear. Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE, koma sabata yatha chinandichititsa manyazi. Mayi wina wachizungu anandifunsa kuti, "You don't have chambo today?" Chambo kunalibe, asodzi sanalowe panyanja chifukwa cha mwera, ndiye ndinayankha mwaulemu kuti, "Yes, madam." Mayiyo anakhala phee kudikira chambo mpaka ola kukwana, kenako anakandinenera kwa abwana kuti ndamunamiza. Ndinalakwa pati? Komanso alendowa akamacheza okhaokha, galamala tinkaloweza kusukulu ija sindiimva m'kamwa mwawo. Kodi mabuku aja ankatinamiza?

Woperekera zakudya, Chembe

Achimwene, mtima pansi, simunanamize munthu. Mawu munatulutsa achingerezi, koma funsolo munaliyankha m'Chichewa.

Taganizani. Mayi anu akakufunsani kuti, "Simunadye?" inu muli ndi njala, mumati, "Eee." Eee ameneyo akuvomereza zimene mayi anena, kuti simunadyedi. Chingerezi sichiyang'ana wofunsa, chimayang'ana chinthucho. Ngati chambo kulibe, yankho ndi "No", kaya munthu wafunsa kuti "Do you have chambo?" kaya "You don't have chambo?" Ngati chilipo ndi "Yes". Mayi uja atamva "Yes" anamva kuti chambo chilipo ndipo chili pamoto. Musadzione ngati mbuli: anthu a ku Japan amayankha ngati ife ndipo amagwa m'dzenje lomweli. Afalansa ndi Ajeremani anachita kukhala ndi liwu lapadera lotsutsira funso lokana ngati limeneli, "si" ndi "doch".

Mankhwala ake ndi otchipa. "Yes" kapena "No" musamusiye ayende yekha, muzimupatsa mchira: "No, we don't" kapena "Yes, we do." Pa ntchito yanuyo ndikanakonda mutamapitiriza: "No, we don't, but we have kampango." Mlendo wamva, abwana agulitsa nsomba.

Msampha wina wa banja lomweli ndi "Do you mind if I sit here?" Apa akufunsa ngati zikuvuteni iye akakhala pamenepo. Mukati "Yes" mwamuthamangitsa. Buku limati muyankhe "No, not at all." Koma tcherani khutu, mumva eni chinenerowo akulizemba funsoli, kumangoti "Sure" kapena "Go ahead." Nanunso zembani.

Inenso zinandionekera, musaganize kuti aphunzitsi anabadwa akudziwa. Ndikuphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Mangochi, tinalandira mphunzitsi wongodzipereka wochokera ku Scotland. Tsiku lina tikuchonga mayeso ndinanyamuka kupita kukantini, ndi kumuuza kuti, "I'm coming." Anandiyang'ana, nayang'ana chitseko, n'kufunsa kuti ndikubwera bwanji pamene akuona msana wanga. Ndinali nditangotenga "ndikubwera" wathu uja n'kumuveka jekete. Kwa iwo "I'm coming" amanena munthu amene waitanidwa ndipo akulowera kwa woitanayo. Wochoka kuti abwereranso amati "I'll be right back." Mukamapita kukhitchini kukatenga oda, nenani zimenezo.

Tsono za mabuku. Sankatinamiza, koma ankatiphunzitsa Chingerezi cholemba, chimene chimafunika pa mayeso ndi pa kalata yofunsira ntchito. Cholankhula chili ndi malamulo akenso, kungoti kwa zaka zambiri olemba mabuku ankangodalira khutu lawo. Pa yunivesite ya Brown ku America anasonkhanitsa mawu 1 miliyoni kuchokera m'zolembedwa za mu 1961 n'kuwaika mu kompyuta kuti awerenge zimene anthu amalembadi. Ku Britain, pofika 1994, anali atamaliza nkhokwe ya mawu 100 miliyoni yotchedwa British National Corpus, ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi linali la zolankhula pakamwa, zina zojambulidwa anthu akucheza m'nyumba zawo. Nkhokwe zoterezi zinaonetsa poyera zimene inu mwaona ndi mbale m'manja. Ziganizo za mtundu wa "It was decided that the meeting be postponed" zimachuluka m'malipoti ndi m'mabuku a ophunzira, koma patebulo la chakudya zimamveka mwa apo ndi apo. Pocheza anthu amadula mutu wa chiganizo. "Have you seen the monkeys?" amasanduka "Seen the monkeys?" ndipo "Are you coming?" amangotsala "Coming?" Si ulesi ayi. Amadula zokhazo zimene onse awiri akuzidziwa kale, monga ifenso timangoti "Bwanji?" osati kuyala moni wonse.

Za m'tsogolo ndiye zimandiseketsa. Tinkakuimbitsani "I shall, you will, he will" mpaka mawu kusasa. Mlendo wanu amene wagula kale tikiti sanena kuti "I shall leave." Amati "We're leaving on Friday", chifukwa zakonzedwa kale. Akamanena za ndondomeko ya sitima amati "The Ilala leaves Monkey Bay on Friday", ngati kuti ndi za lero. "Will" amatuluka munthu akaganiza pompo: wayang'ana menyu, n'kunena kuti "I'll have the fish." Koma "shall" watsala kwenikweni m'mafunso a Angerezi monga "Shall we go?" ndi m'zikalata za maloya.

Pali pena pamene Chichewa chimakuthandizani, ndipo ndimadandaula kuti aphunzitsi ambiri sitinena. Ana amatuluka thukuta ndi kusiyana kwa "I have eaten" ndi "I ate", chonsecho kunyumba sasokoneza "ndadya" ndi "ndinadya". Ndani anganene kuti "ndadya chaka chatha"? Khutu limakana. Chimodzimodzi "I have eaten yesterday" imakanika. Sizifanana paliponse, koma poyambira mpomwepo. Zikuthandizani kumva alendo anu: wonena kuti "I've been here for two weeks" wakhala kale masabata awiri ndipo adakalipo, pamene wonena kuti "I'm here for two weeks" akutanthauza ulendo wake wonse, mwina wafika dzulo lomweli. Pa bilu zimenezi n'zosiyana.

Dziwaninso kuti azunguwo salankhula chimodzi. Wa ku London afunsa "Have you got a room?" wa ku America "Do you have a room?" Wa ku South Africa akati abwera "just now" musayale tebulo, akutanthauza nthawi ina kutsogoloku. Funsani anyamata athu a kwa Makanjira ndi ku Namwera amene abwera ku Joni, akuuzani momwe anadikirira mabwana awo. Sungani kakope m'thumba la yunifolomu. Mukamva chiganizo chachilendo, lembani chonse, osati liwu limodzi, ndi kulembanso amene wanena ndi chimene amafuna panthawiyo. Pofika Disembala, alendo akachuluka, mudzandilemberenso.

*

Aphunzitsi, mwana wanga wa Fomu 3 anamuchongera cholakwa atalemba kuti, "You are coming tomorrow, isn't it?" Koma ine ndimamva anthu ophunzira, ngakhale a m'maofesi pa boma pano, akulankhula choncho. Walakwa ndani?

Mayi wogulitsa usipa, msika wa Mangochi

Mayi, aphunzitsi a mwanayo anachonga bwino, ndipo makutu anunso sakunama. "Isn't it" wa Amalawi ndi "eti" wathu. "Eti" sasintha: mubwera, eti? anapita, eti? Ndiye timatenga "isn't it" n'kumupachika paliponse. Si ife tokha, amatero anthu ambiri mu Africa muno ndi ku India, ndipo achinyamata a ku London ali ndi wawo "innit" amene amagwira ntchito yomweyo.

Koma pa pepala la mayeso kamchira kameneka kayenera kutsata mneni wa kumayambiriro. "You are coming" amatenga "aren't you?", "She went" amatenga "didn't she?", ndipo chiganizo chikakhala chokana, mchira umavomera: "They haven't paid, have they?" Ochonga a MANEB adzafuna zimenezi. Muuzeni mwanayo ayambe wapeza mneni woyamba, amutembenuze, kenako abwereze mwini wake. Akamakuthandizani pa benchi Loweruka, muzimuuza m'Chichewa ziganizo za malonda anuwo, monga "Usipa wauma, eti?" kapena "Amayi aja sanalipire, eti?", iye azikubwezerani m'Chingerezi ndi mchira woyenera. Choyambacho ndi "The usipa is dry, isn't it?" ndipo apo pokha amuchongera kuti wakhoza.