Kodi ndimate timipata ta m'mbali mwa hamonika yanga?

FUNSO: Akulu, ndili ndi hamonika ya Hohner Marine Band ya kiyi ya C yomwe anandisiyira malemu amalume anga. Ndimaimba nayo m'kwaya kutchalitchi kwathu. Vuto n'lakuti imandithera mpweya, makamaka ndikamakoka pa bowo lachiwiri, moti pofika pakati pa nyimbo ndimakhala ndili wefuwefu. Mnzanga akuti mpweya ukuthawira pa timipata tomwe tili m'mbali mwa zivindikiro, ndiye ndimatepo supagulu. Nditero? Wowerenga wanu, Matero.

YANKHO: Achimwene, supaguluyo muikeni kaye patali. Mnzanuyo waona utsi, koma akuloza nyumba ina.

Timipata timeneto a Hohner anatisiya dala. Marine Band inayamba kupangidwa mu 1896, ndipo mawu ake owala, okhadzula pang'ono aja, mbali ina amachokera pomwepo, chifukwa mawu amatulukira kumbuyo ndi m'mbali momwe. Special 20 ya kampani yomweyo ili ndi zivindikiro zotseka m'mbali, n'chifukwa chake imamveka yofatsa. Chivindikiro ntchito yake ndi kuteteza timalilime ta mkuwa, tomwe timanjenjemera n'kutulutsa mawu, ndi kuumba mawuwo. Mukamauzira, mpweya umafika pansi pa chivindikiro utadutsa kale pa kalilime; mukamakoka, umangodzera pansi pa chivindikirocho usanafike pa kalilime. Yesani: chotsani zivindikiro zonse ziwiri, gwirani hamonika kumapeto kwake, kokani pa bowo lachinayi. Muona kuti mpweya womwe ikufuna ndi womwewo.

Kumata kuli ndi phindu lake, sindikukana. Ngati mumafumbatira hamonika pamodzi ndi maikolofoni m'manja, timipata totseka timathandiza kuti chikhatho chitsekeke bwino, mawu anenepe, ndipo mukamatsegula ndi kutseka dzanja kulira kwake kumamveka kwambiri. Ndinayesapo ine chaka china mu Okutobala, ndi tepi yakuda ya magetsi yomwe ndinagula ku Kamwala. Mawu ndinawakonda. Koma nditakwera minibasi dzuwa lili pamutu, hamonika ili m'thumba la malaya, ulimbo wa tepiyo unasungunuka n'kukoka fumbi lonse la mu Lusaka, ndipo madzulo ake unakathera m'ndevu zanga. Ngati mufuna kuyesa, dulani katepi kakang'ono n'kukamata chamkati mwa chivindikiro, kasakhudze timalilime. Musanatero n'komwe, tsekani timipatato ndi zala mumve ngati mawuwo akukusangalatsani. Tepi imamatuka mukasintha maganizo. Supagulu akangodonthera pa kalilime kamodzi, katundu wa amalume watha.

Komwe mpweya ukuthawira ndi mkati. Pakati pa hamonika yanu pali thabwa longa chipeso, ndipo timbale tiwiri ta mkuwa tomwe tanyamula timalilime tinakhomeredwa pa thabwalo ndi timisomali. Thabwa limamwa malovu n'kufufuma, kenaka limauma n'kunyala. Kuno kwathu, kuuma kwa Ogasiti mpaka Okutobala kenaka chinyezi cha dzinja, zaka zikachuluka thabwa limapindika, n'kusiya mpata pakati pa ilo ndi mkuwa. Akale ankaziviika m'madzi kuti thabwa lifufume. Zimathandiza kwa kanthawi, likauma limaipa kuposa kale, ndipo mano a thabwalo amatuluka n'kumakucheka milomo. Musatero.

Mankhwala ake ndi kumasula zonse mosamala, kuyala sandipepa wosalala kwambiri pa galasi, n'kukhutiza thabwalo pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri mpaka lifanane. Chenjerani ndi timisomali, chifukwa tikazulidwa sitigwiranso ngati poyamba, n'chifukwa chake ambiri amaboola n'kuikamo timasikuluwu. Ngati manja anu amanjenjemera, pitani nayo kwa wokonza mawotchi, mukhale pambali pake mukumulozera. Onaninso mmene kalilime kalikonse kadzukira pamwamba pa kampata kake. Kakadzuka kwambiri kamadya mpweya wambiri kasanalire. Kunsonga kwake mpatawo ungofanana ndi kuchindikala kwa kalilimeko. Kakankheni pang'ono ndi kamtengo kotokosera mano, muyese, mubwerezenso.

Koma ndikuuzeni chomwe ndikuchikayikira kwenikweni, musandikwiyire. Mwatchula bowo lachiwiri pokoka. Bowo limenelo limavutitsa pafupifupi aliyense, ngakhale pa hamonika yatsopano yochokera m'bokosi. Munthu ukamayamwa ngati ukumwa maheu ndi kapaipi, lilime lako litakwera kumbuyo, kalilime kamatsamwa, iwe n'kumawonjezera mphamvu. Tsitsani chibwano, tsegulani kukhosi ngati mukuyasamula, mpweya uchokere m'mimba pang'onopang'ono, ndipo usalowere m'mphuno. Chitani zimenezi sabata ziwiri musanazule msomali ndi umodzi womwe.

Lamulungu likubwerali, mukayamba wefuwefu ndi kukoka pa bowo lachiwiri pakati pa nyimbo, uzirani pa bowo lachitatu. Pa hamonika ya C, kukoka pa lachiwiri ndi kuuzira pa lachitatu zonse zimatulutsa G yemweyo, ndipo a kwaya sadzadziwa kuti mwazemba.