Mwasiya nyama, nanga m'malo mwake mwaikamo chiyani?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti anaganiza zosiya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka kuti azidya zakudya zochokera ku zomera zokha, koma zinthu sizikuyenda: njala ikumawapweteka nthawi ya chakudya china isanakwane, m'mimba mukumadzaza mpweya, ndipo amuna awo akuwaopseza kuti magazi awathera. Akufunsa ngati pali njira yochitira zimenezi popanda kukhalira kukhitchini tsiku lonse.

Mayi, njira ilipo. Ndikuona ngati munachotsa nyama m'mbale n'kusiya malo ake opanda kanthu. Masamba amadzaza mbale koma sakhalitsa m'mimba, n'chifukwa chake pakangopita nthawi pang'ono mwayamba kale kufunafuna chotafuna. Malo a nyamawo apatseni nyemba, soya, nsawawa ndi mtedza, tsiku lililonse.

Munthu wamkulu amafunika mapuloteni okwana magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Ngati mumalemera makilogalamu 60, ndiye kuti magalamu 48. Kapu imodzi ya nyemba zophika imakupatsani pafupifupi 15, ndipo mpunga, buledi ndi chiponde zimaonjezera. Mapuloteni amapangidwa ndi tizigawo tosiyanasiyana, monga lysine ndi methionine. Nyemba zili ndi lysine wambiri amene amachepa mumpunga ndi tirigu, pomwe mbewu ziwirizi zili ndi methionine amene amachepa munyemba. Sikuti mpaka zikumane m'mbale imodzi ayi, bola mwadya zonse tsikulo.

Za kukhitchini musade nazo nkhawa. Phikani mphika waukulu wa nyemba kamodzi. Tsiku loyamba zikazingeni ndi anyezi ndi tomato, mudyere mpunga. Mawa lake tengani zotsala, muzikanye ndi foloko mpaka zisalale, thirani timadzi ta mandimu, mchere ndi mafuta pang'ono, mupake pa buledi. Tsiku lachitatu ziponyeni mu supu ya karoti ndi mbatata. Mufiriji zimakhala bwino masiku 3 kapena 4. M'mawa phala la oats lothira chiponde ndi nthochi likufikitsani masana.

Mpweyawo umabwera chifukwa nyemba zili ndi shuga wa mtundu wina amene thupi silitha kugaya, ndiye tizilombo ta m'matumbo timamudya n'kutulutsa mpweya. Muziziviika usiku wonse, madziwo muzitaya, ndipo yambani ndi pang'ono n'kumaonjezera. Anthu ambiri m'mimba mumazolowera pakapita milungu ingapo. Nyemba zofiira ziziwira mwamphamvu kwa mphindi 10 musanachepetse moto, chifukwa zosapsa bwino zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa.

Amuna anu musawatsutse kwambiri, ali ndi mfundo. Thupi limafunika ayironi popanga magazi, koma ayironi wa m'zomera salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama. Chomuthandiza ndi vitamini C, choncho pa chakudya pazikhala tomato wamuwisi, lalanje kapena mandimu. Tiyi ndi khofi zimatchinga ayironi, ndiye muzimwa patapita ola limodzi mutadya, osati kutsitsira chakudya.

Pa vitamini B12 pokha sindikunyengererani. Zomera sizipereka vitamini ameneyu mokwanira, ngakhale mudye masamba ochuluka bwanji. Munthu wamkulu amafunika mamaikirogalamu 2.4 patsiku, kanthu kochepetsetsa, koma akasowa magazi amachepa ndipo mitsempha imaonongeka. Choipa chake n'chakuti chiwindi chimasunga B12 kwa zaka, moti munthu amadziona ali bwinobwino, mpaka tsiku lina manja ndi mapazi ayamba kuchita dzanzi, akungotopa, akuiwalaiwala. Mitsempha ikaonongeka kwa nthawi yaitali nthawi zina siibwereranso. Popeza mwasiya mazira ndi mkaka, muzimwa mapiritsi a B12 kapena kudya zakudya zimene papaketi palembedwa kuti anathiramo vitaminiyu. Ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa, kapena mukufuna kuti ana nawonso asinthe, kambiranani ndi dokotala kaye.

Kenanso, poti chinthu chachokera ku zomera sizitanthauza kuti n'chopatsa thanzi. Tchipisi ndi zakumwa za shuga mulibe nyama, komatu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza kudya zipatso ndi masamba zosachepera magalamu 400 patsiku, ndipo mbatata siziwerengedwa nawo pamenepo.

Mukaona kuti kusiya zonse nthawi imodzi kukukulemerani, palibe amene akukuthamangitsani. Ine ndikanayamba ndi soseji ndi nyama zina za m'fakitale, zimene mu 2015 nthambi ya bungwe lomweli yofufuza za khansa inaziika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Mazira ndi mkaka zikhale zomalizira kusiya, mutagula kale mapiritsi aja.