Tifunseni Masamu: Dontho Langa Likugwera Pati pa Girafu?

Makalata ambiri mwezi uno abwera ndi nkhani ya girafu. Tasankhapo anayi, ndipo ayankhidwa ndi aphunzitsi a masamu a muno mu Lusaka.

Funso: Mwana wanga ali Giredi 8. Anauzidwa kuti aike dontho pa (2, 5). Iye anakwera mabokosi awiri n'kupita kumanja mabokosi asanu, aphunzitsi akuti walakwa. Manambala ndi omwewo, nanga cholakwika n'chiyani? — Mayi wa ku Chilenje

Yankho: Mayi, mwana wanu anafika pa (5, 2), lomwe ndi dontho lina. Nambala iliyonse m'mabulaketimo ili ndi ntchito yake malinga ndi pamene yakhala.

Pa girafu pali mizere iwiri ya manambala yopingasana. Wogona ndi x-axis, woimirira ndi y-axis, ndipo pamene yakumana ndi pa origin, pa (0, 0). Kuwerenga konse kumayambira pamenepo. Nambala yoyamba ndi x, imanena mtunda wopita kumanja kapena kumanzere. Yachiwiri ndi y, imanena kukwera kapena kutsika. Tsono pa (2, 5), aike nsonga ya pensulo pa origin, ayende awiri kumanja motsatira mzere wogona, kuchokera apo akwere asanu, alembe kamtanda kakang'ono.

Ana ambiri amathandizidwa ndi fanizo la mtengo wa mango: umayamba wayenda pansi mpaka patsinde, kenako n'kukwera. Komabe mudziwe kuti vuto la mwana wanu silinali kuyamba ndi kukwera. Akadakwera asanu n'kupita kumanja awiri, akadafika pamalo oyenera ndithu. Iye anapereka 2 kwa y ndi 5 kwa x. N'chifukwa chake timalangiza kuti masiku oyamba azilemba kachilembo x pamwamba pa nambala yoyamba ndi y pamwamba pa yachiwiri asanakhudze girafuyo.

Kunyumba, jambulani mizere iwiriyo pabwalo ndi khala, phazi limodzi likhale 1. Inu muzitchula manambala, iye aziikapo chotsekera botolo. Mukatero musinthane: muike chotsekeracho inu, iye atchule manambala. Kuwerenga dontho loikidwa kale kumavuta ana kuposa kuliika, ndiye musakudumphe. Papepala njira yake ndi iyi: aimike rula kudutsa pa dontho mpaka pa x-axis, awerenge nambala, aigoneke mpaka pa y-axis, awerengenso.

Funso: Ndimayamba ndi x nthawi zonse, koma madontho anga sagwirizana ndi a anzanga, makamaka funso likati 2 cm iimire 5. — Wophunzira wa Giredi 9, Matero

Yankho: Mwanawe, chikukugwetsa ndi sikelo, ndipo apa ndi pamene malikisi ambiri amatayikira. Ukuwerenga mabokosi ngati kuti lililonse ndi 1.

Yang'ana bwino pepala lako la girafu. Pamapepala ambiri timabokosi ting'onoting'ono ndi ta 2 mm, choncho mu 2 cm muli timabokosi 10. Usanaike dontho ngakhale limodzi, gawa nambala ya sikelo ndi 10 kuti udziwe mtengo wa kabokosi kamodzi. Ngati 2 cm ikuimira 5, kabokosi kamodzi ndi 0.5. Ikaimira 1, kabokosi ndi 0.1. Ikaimira 10, kabokosi ndi 1. Tsono pa sikelo ya 5 ija, kuti ufike pa 3.5 uyenda timabokosi 7, ndipo 12 ali pa timabokosi 4 kupitirira 10. Yeza pepalalo ndi rula kaye, chifukwa alipo ena a timabokosi ta 1 mm.

Kawirikawiri funso limapereka sikelo ziwiri, ina ya x-axis, ina ya y-axis. Werengera iliyonse payokha, ulembe pambali ndi pensulo. Wophunzira akagwiritsa sikelo imodzi kuwiri konse, madontho ake onse amasuntha, ndipo funso lonse limatha kuwonongeka ngakhale masamu ena onse anawakhoza.

Palinso kulakwitsa kwina kobisika: kuwerenga mizere m'malo mwa mipata. Mzere umene pensulo yaimapo poyamba ndi ziro. Ukautchula kuti 1, dontho lililonse lipelewera ndi kabokosi kamodzi.

Ukapatsidwa ufulu wosankha sikelo wekha, sankha 1, 2, 5 kapena 10 pa 2 cm. Pewa 3 ndi 7, chifukwa kabokosi kamakhala 0.3 kapena 0.7, ndipo nambala yosavuta ngati 4 imagwera pakati pa mizere, n'kuyamba kuganizira chabe. Pensulo isongoledwe bwino. Dontho lalikulu ngati njere ya nyemba limaphimba timabokosi tingapo, wochonga sangadziwe pamene umatanthauza.

Funso: Manambala a minasi amandisokoneza, komanso (0, 4) ndi (4, 0). — Wophunzira wa sukulu yamadzulo, Chawama

Yankho: Minasi imangonena kolowera. Pa x, minasi ndi kumanzere kwa origin. Pa y, ndi kutsika. Choncho (−3, 2) ndi atatu kumanzere, awiri m'mwamba, pamene (3, −2) ndi atatu kumanja, awiri pansi. Mizere iwiri ija imagawa pepala m'zigawo zinayi. Kumanja m'mwamba manambala onse awiri alibe minasi, kumanzere pansi onse awiri ali nayo. Musanawerenge mabokosi, onani zizindikiro, mulozeretu chigawo chimene dontho liyenera kugwera. Likagwera kwina mudziwa nthawi yomweyo kuti mwasochera. Onetsetsaninso kuti kumanzere mwalemba −1, −2, −3 kuchokera pa ziro kupita kunja; ena amayamba ndi −5 pafupi ndi ziro.

Ziro amatanthauza kuti musasunthe. Pa (0, 4) simupita kumanja kapena kumanzere, mungokwera anayi, ndiye dontho likhala pa y-axis penipeni. Pa (4, 0) muyenda anayi kumanja osakwera, likhala pa x-axis. Mukaona mawu akuti Cartesian plane papepala la mayeso musachite nawo mantha, ndi girafu yomweyi. Dzinalo likuchokera kwa René Descartes wa ku France, amene anasindikiza maganizo amenewa mu 1637.

Funso: Ndikadina malo pa mapu a pafoni ndili m'tauni, pamatuluka manambala ngati −15.4, 28.3. Kodi amenewa ndi x ndi y? — Bambo woyendetsa takisi, Kabwata

Yankho: Bambo, nzeru yake ndi yomweyo, koma manambalawo asinthana malo. Yoyamba ndi latitude, yonena kutalika kwa malo kuchokera pa equator, mzere wongoganizira wozungulira dziko lapansi pakati, kupita kumpoto kapena kummwera, ndiye ikugwira ntchito ya y. Lusaka ili pafupifupi madigiri 15.4 kummwera kwa equator, n'chifukwa chake pali minasi. Yachiwiri ndi longitude, madigiri 28.3 kummawa kwa mzere wodutsa ku Greenwich ku London, ndiye x wake. Ana a sukulu asasokoneze izi ndi grid reference, manambala olozera malo pa mapu a m'phunziro la jogalafe, chifukwa kumeneko nambala yopita kummawa ndiyo imayamba, monga pa girafu.

Potumizira munthu manambala amenewa, koperani monga alili, ndi minasi yomwe. Mukawatembenuza n'kulemba 28.3, −15.4, mapu akulozerani m'nyanja ya Atlantic, pafupi ndi zilumba za Canary.