Za Suzanne Collins, ndi zimene TV inachita ndi dzanja lake

Achemwali, mwafunsa ngati kulemba masewero a pa TV kungakuwonongereni dzanja pamene maloto anu ndi olemba mabuku a achinyamata, ndipo mwati mukufuna munthu weniweni amene anagwirapo ntchito ziwirizi. Ena pano akuwopsezani kale kuti wozolowera za pa TV amalemba mothamanga ngati akuthawa mvula. Ine ndikupatsani Suzanne Collins wa ku America, mlembi wa The Hunger Games, chifukwa mbiri yake ikutsutsa mantha amenewa, ngakhale kuti sikuwathetseratu.

Mayiyu anabadwa mu 1962 ku Hartford, m'chigawo cha Connecticut. Anaphunzira za zisudzo ku Indiana University, kenako kalembedwe ka masewero ku New York University. Mu 1991 anayamba kulembera mapulogalamu a ana pa TV, makamaka ku Nickelodeon, tchanelo cha ana: Clarissa Explains It All, The Mystery Files of Shelby Woo, komanso Little Bear wa tiana tosayamba n'komwe sukulu. Buku lake loyamba la nthano yaitali, Gregor the Overlander, linatuluka mu 2003. Werengani zakazo. Zaka 12 akulembera ana pa kanema, dzina lake likungodutsa kumapeto kwa pulogalamu pamene owonera anyamuka kale pampando. Ndipo ganizo lolemba buku silinayambe ndi iye. Anamukankha ndi James Proimos, wolemba mabuku a ana amene anakumana naye pa ntchito yomweyo ya pa TV.

Tsono chimene anatola kumeneko chikuwoneka poyera mukatsegula The Hunger Games, la 2008. Mitu yake ilipo 27, yogawidwa m'zigawo zitatu, chilichonse mitu 9. Mabuku opitiriza nkhaniyo, Catching Fire la 2009 ndi Mockingjay la 2010, anawamanga chimodzimodzi. Imeneyo ndi mifupa ya sewero la magawo atatu, ndipo mwiniwake amavomera kuti anachokera nayo ku zisudzo. Onani mmene mutu woyamba ukuthera. Anthu asonkhana pabwalo, kapepala katuluka m'mbale ya maere osankhira ana okaphana pa masewera, Katniss, mtsikana mwini nkhaniyo, akupemphera kuti lisakhale dzina lake. Silikhaladi lake. Ndi la mng'ono wake Prim, wa zaka 12. Mutu wathera pomwepo, basi. Ndani angatseke buku pamenepo n'kukagona? Ine ndinali nditanena kuti ndiwerenga mutu umodzi wokha, koma tambala anandipeza ndili maso. Wolemba za pa TV amaudziwa bwino msampha umenewu, poti pulogalamu ikamapita kukapuma kuti malonda alowe, ayenera kukusiya mtima uli m'malere kuti usasinthe tchanelo.

China ndi kusataya mawu. Mwana wa zaka zinayi sakupatsa mwayi wachiwiri. Ukangoyamba kulongosola za mitambo, iye wapita kukasewera. Amene wakhala zaka zambiri akutumikira bwana wouma mtima chonchi amaphunzira kuti munthu wa m'nthano adziwike ndi zochita zake, osati ndi ndime zitatu zomufotokoza.

Komatu apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse, achemwali. TV inamupatsa zida, koma nkhani yoti anene inachokera kunyumba. Bambo ake anali ofisala wa asilikali a ndege za nkhondo, ndipo mu 1968, mwanayu ali ndi zaka 6, anawatumiza ku Vietnam. Anamuuza kuti bambo ali m'nkhalango, iye n'kumaganiza nkhalango ya m'makatuni, ya nyama zoseka. Tsiku lina anawona nkhondo yeniyeniyo pa nkhani za pa TV, ndipo mantha a tsiku limenelo sanamuchoke. Zimenezi anadzazilemba m'kabuku ka zithunzi ka 2013, Year of the Jungle. Bambowo atabwerera sanabise za nkhondo kwa ana awo. Ankawatengera kumalo kumene kunamenyedwa nkhondo zakale, n'kuwafotokozera chimene chinayambitsa, mmene inayendera, ndi amene anavutika nayo. N'chifukwa chake ngakhale mabuku asanu a Gregor, amene ukawawona pachikuto ungati ndi nthano chabe ya mnyamata wa ku New York wogwera m'dziko la pansi pa nthaka la makoswe ndi mileme ikuluikulu, mkati mwake muli nkhondo yokhayokha.

Nanga The Hunger Games inabwera bwanji? Mwiniwake amati usiku wina atatopa ankangosinthasintha matchanelo. Uku achinyamata akupikisana pa pulogalamu yosangalatsa anthu, uku zithunzi za nkhondo ya ku Iraq, mpaka ziwirizi zinayamba kusakanikirana m'mutu mwake. Pamwamba pake anaikapo nthano ya Agiriki ya Theseus, imene mzinda wa Athens unkapereka anyamata 7 ndi atsikana 7 ku Crete kuti akadyedwe ndi chilombo, ndiponso masewera a Aroma owonerera anthu akuphana m'bwalo. Dzina la dziko la m'bukumo, Panem, likuchokera ku mawu a Chilatini onena za buledi ndi masewera, zimene olamulira ankatsekera nazo anthu pakamwa. Chimandiseketsa n'choti munthu amene anadyera TV zaka zonsezo ndi yemweyo amene analemba buku loilalatira TV koposa. Mwina ndi amene anagwirapo m'khitchini yekha angakuuzeni zimene zimalowa mumphika.

Anzathu aja amene akuwopsezani sakunama kotheratu ayi. Kwa ine, ziganizo za Collins si zoti ungaime n'kuziwerenganso chifukwa cha kukoma. Zimagwira ntchito n'kudutsa. Kumapeto kwa Mockingjay zinthu zolemera kwambiri zimachitika mwaliwiro loti mtima sunakonzeke, ndipo ndimakayikira kuti chizolowezi chosunga nthawi chinamupambana pamenepo. Ngati inu mumakonda chiganizo chotafuna pang'onopang'ono, chimenecho mudzayenera kuchisamala nokha, chifukwa pa TV palibe amene adzakufunseni za icho.

Kusiyana kwina n'kwa umwini. Pa TV mumalembera anthu a m'nthano amene anapangidwa ndi wina, mphindi zake n'zowerengeka, ndipo pamwamba panu pali gulu lonena kuti ichi chotsani, ichi n'chodula kujambula. M'buku mungawotche mzinda wonse popanda wofunsa mtengo wake, koma mulinso nokhanokha, palibe tsiku lojambula lokukakamizani kumaliza. Collins anabwereranso ku ntchito yakaleyo pamene The Hunger Games inkasanduka filimu ya 2012, ndipo analemba nawo sewero lake pamodzi ndi Gary Ross ndi Billy Ray. Ngati pali ntchito yeniyeni ya pa TV imene akupatsani, ine ndikanailandira, n'kumadzuka ola limodzi msanga kuti buku la maloto anulo lisazizire.