Poti mwafunsa za geni ya mafuta odzola

Achemwali, mukuti geni ya mafuta odzola imayenda bwanji kuchokera ku Joni mpaka kuno ku Ntcheu? Za msonkho ndi mabasi odzera ku Tete mukazimvera m'basi momwemo, palibe wosazidziwa.

Choopsa chili m'botolo. Ine mpamba wanga unatsala pang'ono kuthera pa makatoni omwe bambo wina anandigulitsa ku Johannesburg, ati oteteza ku dzuwa, SPF 50 (nambala yosonyeza mphamvu yoteteza ku dzuwa) italembedwa mochititsa kaso. Ndinayala pa Lizulu tsiku la msika, ena anapikula ndi amayi a ku Angonia. Posakhalitsa anthu anayamba kubwera nkhope zili zotupa, zidzolo mpaka m'khosi, kuyabwa kosagonetsa tulo. Mtsikana wina ukwati unali pafupi. Anafika ndi azakhali ake, botolo lili m'manja, msika wonse n'kuzungulira benchi langa. Ndinabweza ndalama, ndinalipira kuchipatala, ndinagulitsa mbatata yanga ikadali m'munda. Koma lero benchi lija ndi shopu, kafunseni.

Nanga a pachipata cha m'malire aja ntchito yawo n'chiyani? Makatoni omwewo anawatsegula, kuwerenga mabotolo, kupempha ya fanta, wina n'kutengapo awiri ati ngakumadamu. Wonunkhiza kapena kuwerenga zolembedwa panalibe. Ukabwera ndi katundu weniweni, malisiti ali m'manja, m'pamene amakuswetsa m'chisanu tsiku lonse.

Oyeretsa khungu ndiwo amayenda malonda, ndipo akukokani. Ambiri amathiramo mankhwala oopsa monga hydroquinone, mercury kapena clobetasol osalemba pabotolo. Ku South Africa hydroquinone analetsa m'mafuta odzola kale mu 1990, koma pansi pa tebulo ngwambiri. Kasitomala amayera miyezi yoyamba, kenako masaya amada zigamba zosachoka, khungu n'kupyapyala mitsempha kuonekera. Akamakalipa safuna wa ku Joni, amafuna inu. Ngakhale akuluakulu zimawagwera: mu 2021 ku America, a kampani ya Johnson & Johnson anachotsa pamsika mafuta opopera oteteza ku dzuwa a Neutrogena ndi Aveeno atapezekamo benzene, mankhwala oyambitsa khansa. Nanga osakaniza m'ndowa kuseri kwa shopu?

Mafuta olekana, madzi pamwamba phala pansi, asiyeni. Musamayanike katundu padzuwa, kutentha kumawononga mankhwala ake. Atsopano ine ndimayamba ndapaka kuseri kwa khutu langa, n'kudikira masiku awiri. Ndipo oteteza ku dzuwa okayikitsa musagulitse kwa mayi wa mwana wachialubino, khungu la mwanayo likudalira botolo limenelo.

Komwe ndimaoda masiku ano musandifunse. Sindinena.