Utsi, nthunzi ndi mpweya si chinthu chimodzi

Aphunzitsi ena a ku Ngabu afunsa kuti: "Ana akamalemba za moto wa nkhuni, ena amati utsi, ena nthunzi, ena mpweya. Akulondola ndani?"

Aphunzitsi, onsewo akhudzako, poti zitatuzi zimatuluka pa chikuni chimodzi. Koma mawuwa sasinthanitsika.

Utsi ndi umene maso amaona, ndipo umafuka. Chouonetsa ndi tizidutswa ta kaboni ndi timadontho ta phula tosapsa, tomwe tikakakamira kudenga la khitchini timasanduka mwaye. Nthunzi ndi madzi. Sonkhezani chikuni chachiwisi, muona thovu likutuluka kunsonga, utsi wake uli mbuu: mmenemo mwachuluka nthunzi. Ana ambiri amalemba "mthunzi", uja timauthawira pansi pa mtengo dzuwa la Okutobala likakwiya kuno ku Chigwa cha Shire. Awongoleni msanga.

Mpweya suoneka, ndipo apa ndiye sindinyengerera. Mayi akati "makala alibe utsi", Chichewa chawo chilibe banga. Komatu makala a tsanya ali psuu m'mbaula amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda mtundu ngakhale fungo, umene umagwira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Ndimamva ena akuchenjeza kuti "utsi wa makala umapha". Munthu ayang'ana mbaula, saona utsi, basi atseka chitseko n'kugona. Ine ndimati tizinena kuti "mpweya wa poizoni wochokera ku makala". Ndi mawu aatali, inde, koma sanamiza munthu.

Mayi wina wa geni ya nsomba ku Bangula akuti mwana wawo wa ku sekondale amawaseka akati "ndikuwamba milamba", ati azinena "kufukiza".

Mayi, musasinthe. Timafukiza njuchi pofula uchi, timafukiza udzudzu madzulo. Nsomba timawamba, chifukwa kuwamba n'kuumitsa pa moto wofatsa, kutentha ndi utsi zikugwira ntchito limodzi. Kutentha kumachotsa madzi. Utsiwo umasiya pakhungu mankhwala otchedwa phenols, ochokera ku lignin amene amalimbitsa mtengo, pamodzi ndi asidi yemwe uja wa mu viniga. Izi ndizo zimapatsa mlamba wa ku dambo la Elephant Marsh fungo lake lija, n'kuchedwetsa tizilombo toolesa, mpaka ukafike pa msika ku Limbe uli bwinobwino. Mukakoleza moto waukulu nsombazo n'kupsa, pamenepo mwaotcha, simunawambe.