Yankho kwa azakhali pa za fungo la mkodzo wa galu pabalaza

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko ku Chilenje? Ndamvera uthenga wanu woti kagalu kamene ana anabwera nako kamakodza pakona ya pabalaza, ndipo ngakhale mumakolopa ndi Jik ndi kupaka polishi Loweruka lililonse, fungo labwereranso chiyambireni mvula. Ndikuyankha pagulu pano kuti ena amene akuweta agalu amve nawo.

Poyamba ndikupempheni kuti musiye kuthira Jik pa mkodzo. Mkodzo ukakhalitsa pansi umatulutsa amoniya, ndipo amoniya akakumana ndi Jik pamatuluka mpweya woipa umene umalowa m'maso ndi kubanikitsa pachifuwa, makamaka mawindo akakhala otseka. Musamusakanizenso ndi viniga, chifukwa mpweya wake ndi woopsa chimodzimodzi.

Vuto lenileni, m'mene ndikuonera ine, ndi polishi. Pansi panyumba yanu ndi pa simenti, ndipo simenti imamwa madzi ngati mmene umachitira mtsuko wadothi. Mkodzo unalowa m'timing'alu, madzi ake anauma, koma munatsala timchere ta mu mkodzo totchedwa uric acid timene sitisungunuka msanga ndi madzi wamba. Inu mukapaka polishi wofiira uja pamwamba, mumakhala mukuvundikira timchereto, kotero kuti chikolopa chimangodutsa pamwamba osatifikira. M'chilimwe mumaganiza kuti zatha, koma kuyambira Novembala mpaka Epulo, chinyezi chikachuluka muno mu Lusaka, fungo limadzukanso. Galunso amanunkhiza kuposa ife kutalitali, ndiye malo amenewo amawazindikira ngati chimbudzi chake.

Choncho ntchito iyambe ndi kuchotsa polishi pamalopo. Valani magolovesi, mutenge madzi ofunda, sopo waufa ndi burashi yolimba, mukweche mpaka simenti ioneke, ndipo mupitirize pang'ono kupyola pamene pathera banga, popeza mkodzo umafalikira pansi kuposa mmene maso amaonera. Mukatsukuluza, sakanizani kapu 1 ya viniga woyera ndi kapu 1 ya madzi, muthire pamalopo, mudikire mphindi 10, kenako mupukute ndi nsanza ndi kutsukuluzanso bwino. Musamusiye nthawi yaitali, pakuti viniga amadya simenti pang'onopang'ono. Pakayamba kuuma, wazani soda wophikira wokwanira kuphimba malo onse, agone usiku wonse, m'mawa musese. Ena amasakaniza soda ndi viniga nthawi imodzi chifukwa thovu lake limasangalatsa m'maso, koma ziwirizi zikakumana zimathetsana mphamvu.

Ngati fungo likadalipo mutachita zimenezi kawiri, funsani m'masitolo ogulitsa zinthu za ziweto mankhwala otsukira olembedwa kuti enzyme cleaner. Amenewa ndi amene amaphwanya timchere tija, koma amafuna kuti malowo akhale onyowa kwa nthawi imene yalembedwa pabotolo, ndipo sagwira ntchito pamene pangothiridwa Jik. Polishi mudzapake pokhapokha patauma masiku angapo ndipo mwagwada n'kununkhiza osamva kanthu.

Kukhitchini kumene munaika matailosi, fungo limabisala m'mizere ya pakati pa matailosiwo, ndiye mswachi wakale ndi soda wonyowetsa pang'ono ndi zokwanira.

Za kagaluko, musakamenye kapena kukakanikiza mphuno mu mkodzo, chifukwa kadzangophunzira kukodza mobisala kuseri kwa mipando. Ana azikatulutsa panja kakangodzuka, kakangomaliza kudya, ndiponso asanagone. Kakalakwitsa m'nyumba, muziyamba mwamwetsa mkodzowo ndi nyuzipepala usanalowe pansi, osati kuupaka ndi chikolopa chimene mukolopere nyumba yonse. Koma mukaona kuti kakukodza pafupipafupi, movutikira, kapena mkodzo uli ndi magazi, mupite nako kwa dokotala wa ziweto. Ku yunivesite ya Zambia (UNZA), pa Great East Road, kuli chipatala cha ziweto, ndipo Loweruka lisanafike ndikhoza kudzakutengani pagalimoto ngati mungafune.